Kawaya Kamodzi Kasatitayitse Batire Lamoyo

Pa zipangizo zamagetsi zomwe anthu amayenda nazo m'matumba masiku ano, ndi zochepa zomwe zimatayidwa msanga ngati ndudu yamagetsi, ija achinyamata amaitcha vape. Kawirikawiri chomwe chimaitayitsa chimakhala chaching'ono: kawaya kamodzi kamene kathothoka, kachitsulo kamene kasiya kukhudzana ndi kanzake, kapena timadzi tomwe tadonthera polumikizira. Mwini wake akakoka mpweya koma nthunzi osatuluka, amangoti ndudu yafa, n'kuiponya kudzala batire lili lamoyo. M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti vuto la polumikizira magetsi ndi loyenera kukonzedwa, kuti wokonzayo ayenera kudziwa polekezera, ndiponso kuti ndudu yomwe idapangidwa mwakuti munthu sangaikonze siyenera kuloledwa pamsika.

Tiyambe ndi kuchidziwa chipangizocho. Ndudu yamagetsi yomwe tikuidziwa lero adaipanga ndi Hon Lik, katswiri wa zamankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003. Iye ankasuta kwambiri ndipo bambo ake adamwalira ndi khansa ya m'mapapo, choncho ankafuna njira yoti munthu azipeza chikonga popanda kuwotcha fodya. Nduduzi zidayamba kugulitsidwa ku China mu 2004, ndipo mpaka lero zambiri zimapangidwa mumzinda wa Shenzhen m'dziko lomwelo.

M'kati mwake mulibe zamatsenga. Muli batire la lithium, kawaya kopotana kotchedwa koyilo, thonje lomwe limayamwa timadzi, ndi kabokosi kolamulira magetsi. Munthu akadina batani kapena akakoka mpweya, magetsi amachoka m'batire, kudutsa m'koyilo, n'kubwereranso kubatire. Koyiloyo imatentha ndipo timadzi ta pathonje, tomwe timakhala ndi chikonga ndi zonunkhiritsa, timasanduka nthunzi. Magetsi amafuna njira yathunthu, yopita ndi yobwerera. Njirayo ikaduka pamalo amodzi okha, ngakhale pang'ono ngati pokwana tsitsi, koyilo siitentha. Umu ndi momwe tochi imachitira sipulingi yake ikachita dzimbiri, ndipo palibe munthu wanzeru amene amataya tochi pachifukwa chimenecho.

Malo omwe amavuta kwambiri ndi pomwe thanki ya timadzi imakumana ndi thupi losunga batire. Pa ndudu zambiri zomasula, malowa amatchedwa 510. Pali mazinga, mizere ija yopotana ngati ya pabawuti, ndipo pakati pake pali kachitsulo kakang'ono koimirira. Magetsi amapita kukoyilo kudzera pakachitsulo ka pakatiko, n'kubwerera kudzera m'mazinga. Pakati pa ziwirizi pamakhala kalabala kapena kapulasitiki kotchinga kuti zisakhudzane. Pa ndudu zina zing'onozing'ono palibe mazinga, koma kathanki kamagwidwa ndi maginito ndipo kamakhala pa tizitsulo tiwiri tokhala ndi sipulingi. Pa mitundu yonse iwiriyi mavuto ake ndi ofanana.

Vuto loyamba ndi litsiro. Timadzi tikadontha timasakanikirana ndi fumbi la m'thumba n'kupanga kautomoni komwe kamaphimba chitsulo. Lachiwiri ndi kumanga mopitirira muyeso. Munthu akamapotokola thanki ndi mphamvu zonse poganiza kuti akulimbitsa, amakankhira kachitsulo ka pakati kaja pansi, ndipo tsiku lina kamalephera kukhudza thanki. Lachitatu ndi koyilo yosakhazikika bwino m'malo mwake, kapena yomwe yatha ndi kupsa. Ndudu zokhala ndi kagalasi kolemba mawu zimanena kuti sizikuiona koyilo, pomwe zina zimangophethira kanyali.

Mavuto atatuwa munthu aliyense wodekha atha kuthana nawo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba azimitse nduduyo, ndipo ngati batire lake ndi lochotsa, alichotse. Kenako amasule thanki, apukute polumikizira ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti, n'kudikira mpaka paume. Ngati kachitsulo ka pakati kalowa pansi, akakweze pang'onopang'ono ndi chotokosera m'mano chamtengo kapena chapulasitiki. Singano, mpeni kapena sikuludiraiva zisayandikire pamenepo batire lili m'kati, chifukwa chitsulo chikakhudza kachitsulo ka pakati ndi mazinga nthawi imodzi, shoti yachitika kale. Akatero aone ngati koyilo yakhala bwino, kapena aikepo yatsopano, ndipo pomanga thanki alekeze pomwe yagwira. Ntchito yonseyi siitenga mphindi 10, ndipo mtengo wake ndi kathonje kamodzi.

Pali vuto lachinayi lomwe ndi lozama. Ndudu ikagwa pansi kawirikawiri, kapena ikamatentha ndi kuzizira kwa miyezi yambiri, waya wa m'kati amatha kuthothoka pomwe adamuwotcherera ndi mtovu. Apa pamafunika mmisiri wokhala ndi mita yoyezera magetsi ndi chowotcherera, wonga amene amakonza mafoni ndi mawailesi. Iye amayeza mbali ndi mbali mpaka atapeza pomwe njira yaduka, n'kubwezeretsa wayayo. Kwa mmisiri wodziwa ntchito, iyi ndi ntchito yopepuka kuposa kusintha galasi la foni. Koma mwini ndudu amene sadagwirepo chowotcherera akumbukire kuti safunsa adadya phula.

Tsopano tifike pa polekezera paja. Batire la lithium limasunga mphamvu zambiri m'kamalo kakang'ono. Likadzaza limakhala ndi mavolt 4.2. Lamulo lomwe Georg Ohm wa ku Germany adalilemba mu 1827 limatiuza kuti kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya timakupeza pogawa mavolt ndi mphamvu yomwe wayayo amakanira magetsi, yomwe imayezedwa m'ma ohm. Koyilo ya 1 ohm imakoka ma amp 4.2, ndipo batire silidandaula. Koma shoti ikatsitsa kukanako kufika pa 0.1 ohm, magetsi oyenda amakwera kufika pa ma amp 42. Mabatire otchedwa 18650, omwe ndi mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali, ambiri mwa amphamvu amapangidwa kuti azipirira ma amp 20 mpaka 30 okha. Kupitirira apo batire limayamba kutentha, kutenthako kumayambitsa kutentha kwina m'kati, ndipo zikafika pamenepo palibenso wozimitsa. Batire limatulutsa mpweya woyaka ndipo likakhala m'chitsulo chotsekeka, limaphulika.

Izi zidachitikapo ndithu. Bungwe la boma loona za moto ku America, la U.S. Fire Administration, lidalemba mu 2017 kuti kuyambira mu 2009 mpaka 2016 kudachitika ngozi 195 za moto ndi kuphulika kwa ndudu zamagetsi m'dzikolo, ndipo anthu 133 adavulala, 38 mwa iwo modetsa nkhawa. Mu May 2018 bambo wina wa mumzinda wa St. Petersburg ku Florida adamwalira ndudu yake itaphulika. Nduduyo idali ya mtundu womwe ulibe kabokosi koteteza, momwe batire limalumikizana ndi koyilo mwachindunji. N'chifukwa cha ngozi zotere kuti malamulo a ndege saloleza kuika ndudu yamagetsi m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, komwe moto ukabuka palibe wouona.

Choncho pali zinthu zomwe wokonza sayenera kuchita ngakhale pang'ono. Asalumphe kabokosi koteteza polumikiza batire ndi koyilo mwachindunji pofuna kuti ndudu iyake msanga. Asaike chowotcherera pathupi la batire, chifukwa kutentha kumaononga kachikopa ka m'kati komwe kamalekanitsa mbali ziwiri za batirelo. Asatsekere mpata wa polumikizira ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, monga ena amachitira ndi mafyuzi a m'nyumba. Batire lotupa, lophwanyika, lonunkha kapena long'ambika chikutiro chake lapita basi, ndipo silikonzedwa. Limeneli ndi lofunika kulichotsa, kumata nsonga zake ndi tepi, n'kulisunga kutali ndi moto komanso kutali ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo. Ndudu yomwe ikuyaka yokha munthu asadakoke kapena kudina ili pangozi, ndipo iyenera kuzimitsidwa nthawi yomweyo. Mwachidule, chokonza ndi njira ya magetsi, koma batire lenilenilo ndi losintha.

Zonse ndafotokozazi zimatheka pa ndudu yomwe imatseguka. Nanga yomwe siitseguka? Kuyambira cha m'ma 2020 msika udadzaza ndi ndudu zosuta n'kutaya. Zimabwera zokongola, zamitundu yowala, zonunkhira mango kapena chivwende, ndipo n'zotsika mtengo. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nduduzi zimatsekedwa kotheratu kufakitale, zina ndi guluu, mwakuti kawaya kakathothoka tsiku loyamba lomwelo, mwini wake alibe pogwira. Akaumirira kutsegula ndi mpeni atha kubaya batire, lomwe nthawi zambiri limakhala lachikutiro chofewa. Wopangayo adasankhiratu kuti vuto lililonse, laling'ono kapena lalikulu, mathero ake akhale kudzala.

Kukula kwa chitayiko chimenechi kumaoneka bwino ku Britain komwe kudachitika kawerengedwe. Bungwe la Material Focus lidapeza kuti mu 2022 ndudu zosuta n'kutaya pafupifupi 1.3 miliyoni zinkatayidwa sabata iliyonse, ndipo pofika mu 2023 chiwerengerocho chidafika pafupifupi 5 miliyoni pasabata. Bungweli lidati lithium wotayika motere pachaka akadatha kupangira mabatire a magalimoto amagetsi pafupifupi 5,000. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti mabatirewa amatayidwa ali ndi moyo. Akatswiri a ku University College London ndi University of Oxford adawayesa, ndipo zomwe adapeza, zomwe zidasindikizidwa mu 2023, zidaonetsa kuti mabatire ochotsedwa m'ndudu zotayazi amatha kutchajidwa maulendo mazanamazana. Tangoganizani, batire loti likadatumikira zaka likugwiritsidwa ntchito masiku owerengeka chabe. Likafika m'galimoto yotola zinyalala n'kuphwanyidwa, limayatsa moto womwe umaika pachiswe miyoyo ya anthu ogwira ntchito yonyamula zinyalala.

Ife a ku Africa nkhaniyi imatikhudza kuchokera kugwero. Miyala ya lithium imakumbidwa ku Bikita m'dziko la Zimbabwe ndi kumigodi ina ya m'dzikolo. Cobalt, yemwe amalowa m'mabatire ambiri a lithium, pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a dziko lonse amachokera ku Democratic Republic of Congo, makamaka kudera la Kolwezi, komwe ena amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Kodi n'chilungamo kuti munthu aike moyo wake pachiswe pansi pa nthaka, mwala uwoloke nyanja kupita kufakitale, kenako batire litayidwe pakutha pa sabata chifukwa cha kawaya kamodzi? Wotaya sauona thukuta limenelo, koma lilipo.

Maiko ena ayamba kuchitapo kanthu. Dziko la Belgium lidaletsa kugulitsa ndudu zosuta n'kutaya kuyambira pa 1 January 2025, France idatsatira mu February chaka chomwecho, ndipo Britain idaletsa kuyambira pa 1 June 2025. Lamulo la ku Britain limati ndudu yololedwa ikhale yotheka kutchaja, yotheka kuthiramo timadzi tina, ndipo koyilo yake ikhale yosinthika. Nawo mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa European Union udakhazikitsa lamulo la mabatire mu 2023, lomwe likuti kuyambira mu February 2027 mabatire a m'zipangizo zambiri zonyamula m'manja akhale oti mwini chipangizo atha kuchotsa ndi kusintha yekha. Malamulowa ndi abwino, ngakhale kuti paokha sakwanira. Opanga ena angoika polowetsera tchaja pa ndudu yooneka chimodzimodzi ndi yakale ija, mtengo wake n'kukhala wotsikabe, ndipo ogula ambiri akupitiriza kutaya monga kale. Lamulo limasintha chipangizo, koma chizolowezi chimasintha pamene zosinthira zikupezeka m'sitolo ndipo anthu akudziwa kuti kukonza n'kotheka.

Ena anganene kuti: n'kukonzeranji chinthu chomwe chimaononga thanzi? Bwanji osachisiya chife, mwina mwini wake n'kulekera pomwepo? Funsoli lili ndi nzeru. Chikonga chimamanga munthu ukapolo, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidachenjeza mu December 2023 kuti maiko achitepo kanthu msanga poteteza ana ndi achinyamata ku ndudu zamagetsi. Amene sadayambe kusuta asayambe, ndipo kupukuta polumikizira sikusandutsa nthunzi kukhala mpweya wabwino. Komabe tiyenera kuona zomwe zimachitikadi ndudu ikafa. Munthu wogwidwa ndi chibaba saleka chifukwa kawaya kaduka. Amakagula ndudu ina yotaya, kapena amabwerera ku fodya wowotcha yemwe adamusiya. Ofufuza a bungwe la Cochrane, ataunika kafukufuku wambiri, adapeza mu 2022 umboni wamphamvu wakuti ndudu zamagetsi zokhala ndi chikonga zimathandiza osuta kusiya fodya kuposa zigamba zomata pakhungu ndi chingamu cha chikonga. Kwa munthu amene akuigwiritsa ntchito ngati mlatho wochokera ku fodya, ndudu ikafa madzulo chiyeso chimakhala pafupi, pakuti fodya wowotcha amapezeka paokala iliyonse. Kukonza kumamuthandiza kuti asagwe pamlathopo.

Komanso tisaiwale kuti ndudu yomwe imakopa ana asukulu ndi yotaya ija, yotsika mtengo, yonunkhira maswiti, yosafuna kuisamalira ndiponso yosavuta kubisa. Chimodzi mwa zifukwa zomwe boma la Britain lidapereka poiletsa chidali chimenechi. Choncho amene akudera nkhawa thanzi la achinyamata ndi amene akudera nkhawa zinyalala ali mbali imodzi pankhani ya ndudu zosakonzeka.

Ena angatinso kulola anthu kutsegula zipangizo za lithium n'kuitana ngozi, ndipo n'kwabwino kuti zonse zizitsekedwa kufakitale. Maganizo amenewa akuiwala khalidwe la munthu. Chinthu chikafa msanga munthu atatayapo ndalama zake, amachitsegula ndithu, kaya ndi mpeni kaya ndi mano. Kumata ndi guluu sikuletsa kutsegula, kumangochititsa kuti kutsegulako kukhale koopsa. Chipangizo chomangidwa ndi timasikuluu, chokhala ndi batire lochotsa, kabokosi koteteza ku shoti, ndi kapepala kofotokoza m'chilankhulo chomwe wogula amamva, n'chotetezeka kuposa chomwe chimabisa zonse. Ngozi imachepa pomwe pali chidziwitso.

Kuno kwathu ndudu zamagetsi zayamba kuoneka m'masitolo ena a m'mizinda, ndipo abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku London amaziona tsiku ndi tsiku. Tili ndi mwayi umodzi womwe maiko olemera adautaya kalekale, womwe ndi amisiri. Mumsika uliwonse waukulu muli achinyamata okhala ndi mita ndi chowotcherera, omwe amaukitsa mafoni amene ku Ulaya akadatayidwa. Koma tilinso ndi chofooka chachikulu. Zinyalala zathu sizisankhidwa. Za mumzinda wa Blantyre zimathera ku Mzedi, za ku Lilongwe ku Area 38, ndipo za m'makomo ambiri zimatenthedwa kudzala kuseri kwa nyumba, komwe ana amasewera chapafupi. Batire la lithium likagwera m'moto wotero limaphulika. Ngati Britain, yomwe ili ndi malo obwezerako mabatire m'masitolo, idalephera kupirira ndudu zotaya, ife tingazipirire bwanji? Walira mvula walira matope: dziko lomwe lalola chipangizo kulowa lavomeranso zinyalala zake.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba, oona za miyezo ya katundu ndi olowetsa katundu m'dziko aonetsetse kuti ndudu zomwe zikuloledwa ndi zotchaja, zothiramo, zosinthika koyilo, ndiponso zokhala ndi kabokosi koteteza. Chachiwiri, wogulitsa ndudu akakamizidwe kugulitsanso makoyilo ake ndi kulandira mabatire otha, ndipo asagulitse kwa ana. Chachitatu, sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ziphunzitse za kasamalidwe ka mabatire a lithium, popeza mabatire omwewa ali m'mafoni, m'makompyuta, m'matochi ndi m'zipangizo za sola. Chachinayi chikukhudza ife ophunzira zilankhulo. Malangizo a zipangizozi amabwera m'Chingerezi ndi m'Chitchaina, ndipo chenjezo lomwe munthu sakulimva silingamupulumutse. Kulemba m'Chichewa chomveka kuti batire lotupa silitchajidwa ndi ntchito yathu, ndipo ndi ntchito yomwe ingasunge zala ndi maso a munthu.

Pomaliza, ndudu yamagetsi ikasiya kuyaka, mwini wake ayambe wadzifunsa kuti njira ya magetsi yaduka pati. Ngati ndi litsiro kapena kachitsulo kolowa pansi, azimitse, apukute, akweze mosamala. Ngati ndi waya wa m'kati, apite kwa mmisiri. Ngati ndi batire lomwe latupa kapena kung'ambika, asalimbane nalo. Ndipo ngati nduduyo idapangidwa mwakuti zonsezi n'zosatheka, adziwe kuti wopangayo adamugulitsa chinyalala chokutidwa bwino, ndipo ulendo wina asadzaguleko. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Chipangizo chomwe chili kale m'manja, ngati chili chotheka kukonza, ndi chamtengo wapatali kuposa khumi zomwe zikudikira kugulidwa lero kuti zitayidwe mawa.